Mlatho Umene Tinaudikira

Anthu a m'mudzi muno amati mwana wanga wamkazi anamwalira chifukwa cha mvula. Ndawamva kangapo akunena zimenezi pamaliro a anthu ena, akamakumbutsana azimayi amene anapita ali ndi pakati, ndipo ndimangokhala chete chifukwa pamaliro si pokanganirana. Koma si zoona. Mvula imagwa chaka chilichonse, mtsinje wathu umadzaza chaka chilichonse, ndipo azimayi ankawoloka. Mapepala onse a nkhaniyi ndili nawo m'bokosi langa lachitsulo. Ndawayala patebulo pano monga mmene anatsatirana, ndipo ndikufuna ndilembe zimene zinachitika mutu usanayambe kundisokonekera, pamodzi ndi mbali yanga, imene si yoyera.

Ine kuno ndine mkamwini. Ndinabwera kudzakwatira nditagwirapo ntchito ya ukalaliki pa esiteti ina, ndipo poti ndinali ndi dzanja labwino polemba, anandiika kukhala mlembi wa komiti ya chitukuko cha mudzi. Mudzi wathu uli tsidya lino la mtsinje. Chigayo, sukulu, msewu wopita ku Boma ndi chipatala chaching'ono cha ku Magaleta, zonse zili tsidya lina. Chotilumikiza chinali mlatho wa mitengo isanu ndi umodzi ya bulugamu, yogonekedwa pa miyala yowunjika mbali zonse ziwiri, pamwamba pake titakhomerapo timitengo topingasa. Mtengo wotere sukhalitsa. Chiswe chimadya kumapeto, chinyezi chimaoletsa pakati. Ndiye chaka chilichonse mu Okutobala, mvula isanayambe, tinkatsikira kumtsinje masiku atatu. Amuna ankagwetsa mitengo ndi kuikoka ndi zingwe, azimayi ankatuta miyala, ena ankabwera ndi thobwa. Ntchitoyi inayamba ine ndisanabwere kuno, ndipo akuluakulu ankati inayamba chipani chisanabwerenso.

Koma pa nthawi ya chipani chimodzi ntchitoyi inalowa m'manja mwa chipani, ndipo panabwera buku la maina. Bukulo ndinkalisunga ndine. Ndi ili pano, lachikuto chofiira, mizere ndinajambula ndekha ndi rula. Wobwera ndinkamuchonga, wosabwera ndinkamuikira kamtanda. Tsiku lachitatu bukulo ndinkalipereka kwa wapampando wa chipani, iye n'kuwerengera anyamata ake maina a mitanda. Zimene zinkachitika pambuyo pake ndinkati si ntchito yanga.

Chaka china kamtanda kanagwera alamu anga, achimwene a akazi anga, eni mbumba ya kuno. Mwana wawo anali ndi chikuku. Ndinkadziwa, chifukwa m'mawa womwewo ndinadutsa pakhomo pawo n'kufunsa mmene wodwalayo wagonera. Koma buku langa linalibe mzere wolembapo zifukwa. Ndinaika kamtanda, ndinapukuta cholembera, ndinapita pa dzina lotsatira. Anyamata aja anawasenzetsa alamu mwala waukulu pamutu, kuchokera kumtsinje kukafika pabwalo la sukulu n'kubwerera, mpaka dzuwa kupendeka, ana asukulu akuonerera. Munthu wa imvi, wosunga mbumba. Sanandinene kanthu, ine sindinapepese. Ndikafuna kunena zoona, sindinaone n'komwe kuti pali chopepesa. Ndinali nditalemba zolondola.

Kenaka zinthu zinasintha. Tinavota kuti tikufuna zipani zambiri, ndipo misonkhano ya ofuna mipando inayamba. Woyamba anafika pa galimoto yaikulu pabwalo la sukulu lomwe lija, atanyamula nsalu zogawa. Chidziwitso cha msonkhanowo ndinachisunga, ndipo kumbuyo kwake ndinalemba mawu ake pomwepo, ali mkati molankhula. Anafunsa kuti, "Kodi inu ndinu akapolo?" Anthu anakuwa kuti ayi. "Nanga bwanji mukusenza miyala ulere? Limenelo ndi thangata, ndipo thangata latha! Mlatho ndi ntchito ya boma. Mukatisankha, pano pabwera simenti ndi zitsulo." Azimayi analulutira. Alamu anga anagwetsa misozi, ndinawaona ndi maso anga. Inenso ndinapanira cholembera m'kamwa kuti ndiombe m'manja bwino. Patapita milungu iwiri kunabwera wa chipani china, iye n'kulonjeza mlatho womwewo, koma wotambalala woti malole awiri azipatukirana. Kuno kumene ngakhale ngolo imavutika kufika!

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero ndi chakuti onse awiriwo mlathowo sanauone. Kuchokera pabwalo la sukulu kufika kumtsinje ndi ulendo woti munthu sangamalize kudya chimanga chimodzi chootcha. Palibe amene anatsika kukayang'ana. Anangouzidwa m'galimoto kuti anthu a kuno amadandaula za mlatho, iwo n'kutola mawuwo, n'kuwaponya pagulu, n'kukwera galimoto. Sanafunse kuti kufikira simentiyo itabwera anthu aziwoloka pa chiyani. Ifenso sitinafunse.

Okutobala atafika ndinaimba chitsulo monga mwa nthawi zonse, n'kutsikira kumtsinje buku lili m'khwapa. Kunabwera amuna asanu okha, ndipo nkhwangwa anali nazo awiri. Alamu anafika pambuyo, manja ali kumbuyo.

"Alamu," anatero, "bukulo mwabwera nalo kudzatani? Mukalipereka kwa yani tsopano?"

Anthu aja anaseka.

"Ndi dongosolo chabe, alamu," ndinayankha.

"Dongosolo. Mwala wanga uja ukadalipo, uli apo pansi pa mkuyu. Mukaufuna ndikusenzetseni, mumve kukoma kwa dongosolo."

Anasekanso, kenaka mmodzimmodzi anakwera mtunda kubwerera kwawo. Ndaiganizira kwambiri mphindi imeneyo. Ndikanasiya buku kunyumba n'kutenga nkhwangwa, ndikhulupirira kuti asanu aja akanakhala, ndipo mawa lake akanabwera khumi. Anthu sankadana ndi mlatho. Ankadana ndi buku, ndipo anali ndi chifukwa. Koma ine ndinangomva kuti ndanyozedwa pagulu. Ndinati chabwino, poti mukufuna boma, boma ndikuitanirani ndine, ndipo mudzaona ntchito ya cholembera.

Makalata ndinalemba asanu ndi awiri m'chaka chimodzi ndi miyezi ingapo, onse ndi kaboni kuti kope itsale. Ndinalembera amene anapambana chisankho pa awiri aja, ndinalembera maofesi awiri amene ndinkaganiza kuti amaona za misewu. Ndinayeza utali wa mlatho ndi chingwe, ndinalemba mtengo uliwonse mmene waonongekera, ndinabwereza mawu a pamsonkhano aja liwu ndi liwu. Ndi makalata abwino, ngakhale lero sindipezamo cholakwika. Ndinkayenda wapansi mpaka ku Boma kukawaponya. Mapepala ndi maenvulopu ndinkagula m'sitolo ya bambo wina wachisilamu, munthu wanthabwala amene ankadziwa nkhani za midzi yonse. Ulendo wachinayi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake.

"Akulu, mapepala omwewo? Mlatho uja mukumanga wa mapepala eti?"

"Tikutsata njira yake," ndinatero.

"Ayi, tsatani. Koma misomali ya mainchesi sikisi ndili nayonso, ili m'thumba ilo. Imeneyo siidikira yankho."

Ndinatuluka osatsanzika, ndipo ulendo wotsatira ndinakagula kwina.

Dzinja loyamba mlatho unapirira. Mtengo umodzi unathyoka, wina unawerama, koma anthu ankawoloka, ndipo zimenezi ndi zimene zinatipusitsa tonse. Alamu ankati, "Mwaona? Palibe wasenza mwala, koma tikuwoloka." Mvula itangoleka mwana wanga anakwatiwa. Anali wotsiriza mwa ana athu, mtsikana yekhayo amene anakula, wokonda kuseka ndiponso wosandiopa monga ankachitira achimwene ake. Mwamuna wake, mnyamata wofatsa wochokera cha ku Chifunga, anamanga nyumba kuseri kwa yathu. Pofika Okutobala wachiwiri mwanayo anali ndi pakati poonekera, ndipo kusikelo anamuuza kuti ayembekezere cha kumapeto kwa Januwale, mtsinje uli pachimake.

Mwezi womwewo yankho linabwera, limodzi lokhalo pa makalata onse. Ndi ili, lotayipidwa, lili ndi chidindo. Mizere yake ndi iwiri. Akuti kalata yanga ailandira, ndipo nkhaniyi ikuganiziridwa. Ine amene ndinagwirapo ntchito mu ofesi ndinkayenera kudziwa kuti mawu otere amalembedwa pofuna kuchotsa pepala patebulo. Mwina wolembayo sanawerenge n'komwe mpaka pansi. Koma ndinali nditadikira nthawi yaitali, ndipo ndinkafuna choti ndikaonetse alamu. Ndinayenda nayo mudzi wonse. Ndinauza anthu kuti oyeza malo abwera posachedwa. Palibe anandiuza zimenezo. Ndinaziwerenga ndekha pakati pa mizere iwiri ija.

Tsopano ndifike pa chimene anthu sachidziwa. Tsiku lina masana mkamwini wanga anabwera ndili pakhonde. Ananjuta chapatali, chipewa chili m'manja.

"Apongozi, ndimati ndipemphe nawo nzeru. Dzulo ndinatsika pansi pa mlatho. Mitengo itatu yafumbwa, chala chikulowa. Ine ndi anzanga awiri tikhoza kugwetsa iwiri kapena itatu, tingolimbitsako poti mnzangayu ali chonchi."

Ndinamukaniza. Mawu anga ndikuwakumbuka bwino, ngakhale amenewa okha sindinawalembe paliponse. Ndinati, "Musakhudze. Oyeza akabwera n'kupeza mitengo yatsopano, adzalemba kuti kuno mlatho ulipo, atichotsa pamndandanda. Ausiye choncho auone mmene ulili. Mukufuna kundiwonongera ntchito ya chaka chathunthu?"

Iye anangoti, "Ndamva, apongozi." Akanatani? Mkamwini wa miyezi yochepa, nyumba yake yomangidwa pa malo a eni ake, sangatsutsane ndi bambo a mkazi wake. Anavala chipewa atafika kuseri kwa nkhokwe.

Akazi anga nawonso analankhula. Kumayambiriro kwa Januwale anati, "Inu, mwanayu apite tsidya akakhale kwa achemwali anga, adikirire komweko pafupi ndi chipatala."

"Nthawi ikadalipo, mayi. Patsala milungu itatu."

"Mwana woyamba sawerenga milungu yanu."

"Ndati apita sabata ya mawa. Mukamuthamangitsa lero, anthu anena kuti mwini makalata yemwe sakuwakhulupirira makalata ake."

Anangotola lichero lawo. Kuchokera tsiku limenelo mpaka pamene anamwalira, zaka zambiri pambuyo pake, mawu anga amenewo sanandikumbutse ngakhale kamodzi.

Sabata imeneyo mvula inagwa masiku atatu osalekeza. Lachinayi m'mawa ana opita kusukulu anabwerera kudzanena kuti mlatho wapita. Ndinapita kukaona. Miyala ya mbali yathu inali itagumuka, mitengo iwiri ikulendewera m'madzi, ina osaoneka. Ndinabwerera kunyumba n'kuyamba kalata yachisanu ndi chitatu. Ili pano, yosamaliza. Inalekera pa mawu akuti "monga ndinachenjezera."

Mawa lake kutacha mwanayo matenda anamuyamba. Azamba a m'mudzi anabwera, ndipo dzuwa lisanakwere kwenikweni anatuluka n'kuuza akazi anga kuti mwana wa m'mimbayo wagona mopingasa, iwo sangathe, athamangire naye kuchipatala. Tinamanga machila ndi nsungwi ziwiri ndi bulangete. Titafika kumtsinje madzi anali ofiira, akuthamanga ndi zitsa. Mkamwini anayesa kulowa atamangidwa chingwe m'chiuno, madzi anamugwetsa asanafike pakati, tinachita kumukoka. Njira yozungulira kumtunda, kumene kuli mlatho wina, ndi ya tsiku lathunthu munthu wopanda katundu, ndipo nayonso ili ndi timitsinje take.

Mwana wanga tinamugoneka pansi pa mkuyu uja. Sindikudziwa amene anakauza anthu. Chitsulo sichinaimbidwe. Ndinangoona alamu akutsika mtunda akuthamanga, nkhwangwa ili paphewa, kumbuyo kwawo amuna a mudzi wonse, ndi azimayi atanyamula zingwe ndi makasu. A tsidya lina nawonso anasonkhana kugombe lawo. Palibe anafunsa za chipani cha mnzake, ngakhale kuti miyezi imeneyo ena anali atasiya kubwerekana moto chifukwa cha mitundu ya nsalu. Alamu ankakuwa ngati mnyamata: "Uwo, wautaliwo! Gwetserani kuno! Inu a tsidya, gwirani chingwe, musangoyang'ana ngati mwabwera ku mpira!" Azimayi anawunjikanso miyala. Ndinaona mkazi wa alamu ndi mnzake akugubuduza mwala uja wa pansi pa mkuyu n'kuuika pa mulu.

Ine nkhwangwa inandikanika. Wina anandilanda mwaulemu. Ndinakaima chapafupi ndi machila, kunja kwa nsalu imene azimayi anatchinga. Nthawi ina ululu utamulekako mwanayo anandiona pampata.

"Bambo, mwaima padzuwa. Khalani pamthunzi."

Ndinasendera.

"Lero anthu abwera onse eti?" anatero. "Buku mwaliiwala. Mukanachonga mpaka inki kutha."

Anayesa kuseka. Amenewo ndiwo mawu omaliza amene analankhula kwa ine.

Mitengo itatu inagonekedwa dzuwa litapendeka pang'ono. Kuyambira pamene nkhwangwa yoyamba inalira kufika pamene machila anawoloka panapita maola asanu. Ndinali ndi wotchi, ndinayang'ana. Maola asanu, ntchito imene tinaikana zaka ziwiri, imene mkamwini ndi anzake awiri akanaichita mwachifatse mu Okutobala madzi ali m'akakolo. Amuna anathamanga ndi machila akusinthana mapewa. Tinafika kuchipatala, namwino, mayi wochokera kumpoto amene anali atakhala kuno zaka zingapo, anachita zonse zimene akanatha, ndipo anatumiza uthenga woitanitsa galimoto yopita kuchipatala chachikulu. Mwanayo anali atataya magazi ambiri. Anamwalira galimoto isanafike, dzuwa likadalipo, khandalo lisanabadwe. Namwino anatuluka, anatigwira manja, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mukanafika m'mawa." Sanatikalipire. Kapepala kamene analemba kali pano, ndi kotsiriza pa mzere.

Maliro anayendetsa alamu, monga eni mbumba. Titachoka kumanda anandipeza kuseri kwa nyumba. Ndinkayembekeza kuti andinena, koma anakhala pansi pambali panga ngati munthu wothyoka msana.

"Mitengo ija inali pomwepo, alamu," anatero. "Zaka ziwiri inali pomwepo. Ndinkaidutsa popita kumunda. Ine ndimati ndikukhaulitsa inu."

Ndinawauza kuti kamtanda kaja ndinalakwa, kuti ndinkadziwa za mwana wodwala. Anagwedeza mutu, n'kunena kuti zimenezo n'zakale. Apo ndiye panali poti ndinene zinazo, za mkamwini ndi zimene ndinamuletsa. Ndinatsegula pakamwa, koma ndinaona kuti alamu adzisenzetsa okha mlandu wonse, ndipo ndinawasiya ausenze. Anamwalira akuganiza kuti mwana wa mlongo wawo anamupha ndi iwo.

Chisankho chotsatira chitayandikira, galimoto zinabweranso pabwalo la sukulu, ndipo mlatho wa simenti unalonjezedwanso, ndi mawu pafupifupi omwewo. Ndinaimirira ndi chidziwitso chakale chija, ndinawerenga zimene zinanenedwa ulendo woyamba, n'kufunsa kuti ndani mwa iwo anatsikako kumtsinje. Anyamata awo anayambitsa nyimbo kuti mawu anga asamveke. Wolankhulayo anamwetulira n'kunena kuti agogo atopa, apatsidwe mpando. Sindikhulupirira kuti anali munthu woipa mtima. Sankadziwa kuti kuno kunafa munthu, ndipo sanafune kudziwa. Mkwiyo umene ndili nawo pa anthu amenewa sunathe, ndipo sindikufuna uthe. Koma ndikaufukula ndimapeza kuti ndikuwadziwa bwino, chifukwa nanenso ndinkaika kamtanda n'kupita pa dzina lotsatira.

Kuyambira chaka chimenecho mlatho umakonzedwa Okutobala aliyense. Palibe buku, palibe woitana, anthu amangouzana tsiku pochokera kutchalitchi. Ine ndimapitako ndi hamala yaing'ono, amandipatsa misomali yakale kuti ndiziwongola pamwala.

Mkamwini anakhala nafe mpaka tinameta, kenaka abale anamumasula monga mwa mwambo kuti abwerere kwawo. Tsiku lonyamuka anabwera kudzatsanzika, ananjuta pamalo omwe aja, chipewa m'manja. Ndinkadikira kuti anene, ngakhale liwu limodzi. Anangoti, "Apongozi, mwandisunga bwino. Tsalani." Ndinamva kuti anakwatiranso cha kwawo ndipo ali ndi ana akuluakulu. Zaka zonsezi sanauze munthu aliyense kuti anapempha kukonza mlatho ine n'kumukaniza. N'chifukwa chake anthu amati inali mvula.

Pepalali ndalilemba ndi kaboni. Kope imodzi ilowa m'bokosi, pamwamba pa kapepala ka namwino. Inayo ndapempha mwana wanga wamkulu kuti akaipereke m'manja mwa mkamwini uja ku Chifunga, ndipo akachoka kumeneko adzawerenge ya m'bokosiyo pamaso pa ana a alamu.